Si ufiti, ndi njoka ya m'mimba

Ndangochoka kumene kuchipatala ndi mwana wa achimwene anga. Dzulo atachita chimbudzi tinaona tizidutswa toyera, tophwatalala ngati njere za nkhaka. Adokotala akuti ndi njoka ya m'mimba yochokera ku nyama ya nkhumba yosapsa bwino, ija imakhala ndi timatuza tonga mpunga. Amupatsa mankhwala otchedwa praziquantel.

Chandipweteka mtima n'chakuti mazira a njokayi, omwe amatuluka ndi chimbudzi cha munthu, akalowa m'kamwa kudzera m'manja osasamba kapena madzi akuda, amaswa tinjoka tokafika mpaka ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati m'madera ambiri momwe njokayi yafala, odwala khunyu 30 mwa 100 aliwonse gwero lake ndi lomweli.

Kumudzi kwathu nkhumba zimangoyendayenda, zimbudzi n'zochepa. Ndi ana angati amene tinathamangira nawo kwa asing'anga poganiza kuti alodzedwa?