Zikomo abale, ndatuluka mu Batoka ndi miyendo yanga

Abale anga a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi inu muli kumudzi mumandiwerenga panonu, lero ndilemba zazitali mundipirire. Ndafika mu Harare dzulo usiku kuchokera ku Victoria Falls, thupi lonse kuwawa ngati andisinja mu mtondo, nkhope yapserera ndi dzuwa la Okutobala koma mtima uli mbee. Ndakwera phompho la Batoka, momwe mumadutsa mtsinje wa Zambezi kumunsi kwa mathithi, kuchokera pamadzi mpaka pamwamba ndi miyendo yanga iwiriyi, kuphatikizapo uwu uli ndi chitsulo mkatiwu.

Za ngozi ya kombi ija zaka ziwiri zapitazo sindibwereza, ambiri munabwera kuchipatala munaona nokha. Chomwe simunaone ndi miyezi 9 ndili pa ndodo, bambo wamkulu ndevu pepeya kumachita kusambitsidwa. Kuchipinda kwathu kunali kalendala yakale yokhala ndi chithunzi cha mathithi aja, ndinkangoyang'ana tsiku lonse mpaka ndinaloweza mtengo uliwonse, nde tsiku lina ndinauza amalume kuti ine ndinabadwira mu Zimbabwe muno, zaka 46, koma malo awa ndimangowaonera pa khoma, ndikadzayendanso ndipita. Amalume anaseka nkuti iwe yamba wafika kaye pa geti, ukafika basi ndilipira ine. Alipiradi, kupita ndi kubwera, amalume zikomo.

Mayi a kunyumba, inu sindidziwa poyambira. Kudzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika, kubwerera kudzandisambitsa, kupirira ukali wanga poti munthu wodwala amalusa ngati galu wa ana, Mulungu yekha akubwezereni. Amayi a mvano a ku CCAP kwathu munkabwera Lachinayi lililonse ndi nyimbo, sopo ndi ufa. Alamu anga munandinyamula pa galimoto yanu kupita ku physio osafunsa ya petulo ngakhale kamodzi. Mtsikana wa physio uja ndinkamuda kwambiri kkkk, ankapinda bondo langa ine ndikukuwa iye nkumati tiyeni bambo kamodzinso. Ndipo inu a bungwe lathu la maliro, bungwe loti ntchito yake nkutigulira bokosi munasonkha ndalama kuti ndisalowemo msanga, izi zokha ndimasekabe ndekha.

Ulendo wake si wamasewera. Kuchoka kuno kufika ku Bulawayo makilomita pafupifupi 440, kenako enanso ngati omwewo kudutsa ku Hwange, mathiraki a malasha ndwee, bondo kuuma gwa. Tinapita atatu, ine, mwana wanga wamkulu ndi alamu.

Tsiku loyamba tinangoyenda m'mbali mwa mathithi. Abale chithunzi chimanama. Madzi amagwa pa mulifupi wa makilomita 1.7, pena kuya kwake mamita 108, ndipo phokoso umalimva m'chifuwa osati m'makutu mokha, nchifukwa eni ake anati Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Nyengo ino madzi ndi ochepa, mbali ya ku Zambia mwala uli pamtunda wouma, koma pa Main Falls akukhuthukabe ndipo tinanyowa ndi nthunzi ngati mvula ya mawawa kunja kukutentha chonchi. Kutsidya tinaona anthu akusambira pakamwa penipeni pa mathithi, pa Devil's Pool, alamu anangoti amenewo akwawo anawatopa nawo. Pali chipilala cha David Livingstone amene anafika apa mu 1855, yemwe uja anadzafikanso ku nyanja yathu mu 1859 atakwera ndi Shire. Mwana wanga anati kusukulu amati iye ndi amene anatulukira mathithiwa, ine ndinati nanga amene anamupalasa pa bwato kumufikitsa pa chilumba paja anali otseka maso?

Chomwe chinandigwira mtima ndi mwala. Wakuda bii, wolimba ngati chitsulo, amautcha basalt. Mnyamata wotiperekeza anatifotokozera kuti dera lonselo kale zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo kunali chiphalaphala cha moto chotuluka m'ming'alu ya pansi, osati phiri limodzi lophulika ayi, chinkangotuluka kuyala kuzizira, china kubweranso pamwamba, nchifukwa khoma la phompho limaoneka mizeremizere ngati zigumu zosanjikiza. Pozizira mwalawo unang'aluka, m'ming'alu munadzaza dothi lofewa, nde Zambezi atabwera anayamba kukumba mofewamo. Akamaliza mng'alu umodzi mathithi amasamukira pa wina chakumtunda, ndekuti maphompho okhotakhota ali kumunsi aja onse panali mathithi nthawi ina. Pa Devil's Cataract madzi adya kale mwala kutsika kuposa pena ponse, akuti apo mpamene mtsinje wayamba kukumba potsatira. Ine mmisiri wa njerwa ndinaima pamenepo kukamwa yasa.

Tsiku lachiwiri nde linali la nkhondo, lopalasa bwato pa Zambezi m'phompho muja. Dokotala anandiloleza kale, musayambe kundikalipira. Eni mabwato anatipatsa zipewa zolimba, majekete oyandamitsa ndi nkhafi, kutsika phompho mpaka pamadzi, ukayang'ana kumwamba mlatho wa Victoria Falls womangidwa mu 1905 uja uli ngati kansungwi, anthu akudumphapo atamangidwa chingwe kumiyendo mamita 111, zimenezo ine ayi ngakhale mutandilipira. Malo owinduka madzi ali ndi manambala ndi maina oopsa dala. Nambala 5 amati Stairway to Heaven, bwato limatsika ngati mwagwa pa denga. Nambala 9 ndi Commercial Suicide, apo sakulolani, mumatsika nkuyenda pamiyala bwato lidutse lokha, ndipo kuyenda pamiyala yotentha yoterera ija ndi mwendo uwu kunandivuta kuposa madzi. Pa 18, Oblivion, tinagubuduka tonse. Ndinamwa Zambezi wokwanira kuphikira nsima ya pa ukwati, nsapato imodzi inapita, potulukira ndinamva mwana wanga akukuwa adadi adadi, mnyamata wa kabwato kakang'ono anali atandigwira kale jekete. Sindinamufunse nkomwe dzina, anali atavala kamkanda ka Nyami Nyami, njoka ya mumtsinje ya Atonga ija. Achimwene kulikonse muli zikomo.

Kenako kukwera. Apa mpamene ndinadzera ulendo wonsewu. Khoma lopitirira mamita 100, njira yake miyala ndi timakwerero ta mitengo, dzuwa lili paliwombo, anyamata onyamula katundu akutidutsa chothamanga atasenza bwato lophwetsa pamutu ngati mtolo wa udzu. Ine masitepe khumi kupuma, masitepe khumi kupuma, phazi limodzi nsapato lina patapata wobwereka. Chapakati bondo linayamba kunjenjemera, alamu anati tikunyamuleni, ndinati alamu mwandinyamula chaka chathunthu lero ndisiyeni. Anandisiyadi koma ankayenda kumbuyo kwanga manja ali chire kudikira ndigwe. Ena onse anafika kalekale anadya mpaka kutsuka mbale, ine ndinatulukira womaliza, azungu ndi anyamata aja kuwomba m'manja, ine kukhala pansi pa fumbi kulira ngati mwana, mwana wanga nkumajambula mmalo mondipatsa madzi.

Ndili pamwamba paja ndinakumbuka agogo. Iwo anachoka ku Dedza wapansi kubwera ku Salisbury kudzafuna ntchito, ndipo nkhani yomwe ankaikonda inali yowoloka Zambezi pa Tete, mmene ankaopera ng'ona. Madzi omwe anandimiza ine pa 18 akupita ku Kariba, Cahora Bassa, kudutsa pa Tete pomwepo nkukakumana ndi Shire wochokera kwathu. Nsapato yanga mwina idzafika kumeneko ine ndisanapite, amene muli ku Tete mukaiona ndi ya kumanzere, saizi 9.

Ndodo zija ndazitsuka zili kuseri kwa chitseko. Amayi a mvano munati pali mnyamata wina ku Epworth wathyoka mwendo, tumani mwana adzatenge Loweruka, ndikhala ndili pakhomo poti kuyenda sabata ino sinditha. Zithunzi ndiponya mawa bando ikalowa, chija ndikulira musachifunse sinditumiza.