Mulu wa K500 pa benchi yanga ya mabuku

Lolemba ndinadzuka tambala asanalire, kunja kuli chisanu cha mwezi wa Juni chija chimalowa mpaka m'mafupa. Ndinafunda chitenje pamwamba pa juzi n'kukakwera minibasi ya ku Lilongwe. Ulendo wokapikula mabuku ndimauyenda kamodzi pamwezi, kawiri ngati mpamba walola. Kuchoka pa Kasungu boma kudutsa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 130, koma ndi kuimaima kwa m'njira umakafika dzuwa litakwera kale.

Mabuku akaunjika amabwera ngati belo ya zovala. Katoni imakhala yomata, ndipo sutsegula usanalipire. Komwe ndimapikula amangoti, "Sankhani, mayi," basi. Ndiye ndinazolowera kusankha ndi manja. Katoni ikalemera mpaka kukoka msana, mkatimo muli mabuku a pepala losalala, a sukulu kapena a zithunzi. Ikapepukirako koma ili yodzaza bwino, muli nkhani zopeka, zija za pepala lofiirira lonunkhira ngati m'nkhokwe. Ndimanunkhizanso m'makona poopa chinyontho. Ndinatenga makatoni awiri opepuka ndi imodzi yolemera. Kale ndalama yomweyi inkanditengetsa makatoni asanu, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera ndipo sichinatsikenso.

Lachiwiri ndiye tsiku lomwe ndimalikonda, ngakhale ndalama sizilowa kwenikweni. Ine ndi mwana wa achemwali anga, yemwe amandithandiza chimalizireni Fomu 4, timayala masaka kuseri kwa benchi n'kukhuthula zonse. Katoni yolemera ija inandiwawitsa mtima. Pansi pake panalowa madzi, mabuku 11 anamatana ngati chigumu, nkhungu yakuda itayanga m'masamba. Ena anali abwinobwino koma osathandiza munthu wa kuno, monga a malamulo a msonkho a ku America ndi a kasamalidwe ka maluwa m'mayiko ogwa chipale. Mwayi wake munapezeka madikishonale awiri, mabuku anayi a Biology ndi atatu a masamu. Amenewa ndiwo adzabweze mpamba.

A sukuluwo amakhala pa shelefu, ndipo mtengo wake sugwedezeka kwambiri. Nkhani zopeka za chikuto chabwino zimakhala pa benchi, K1,500 mpaka K3,000. Zothothoka chikuto, zomatidwa ndi guluu, zakale kwambiri, zimatsikira pa saka, pa mulu wa K500. Odutsa ena amauona ngati dzala muluwu, koma malonda anga moyo wake uli pamenepa. Buku la K8,000 munthu amagula atawerengetsera, ataganizira mayeso a mwana, atakambirana ndi a kunyumba. La K500 amagula malinga ndi mmene wadzukira tsiku limenelo. Likapanda kumukomera sadandaula, poti wataya ndalama ya mandasi ochepa chabe.

Mwana wa achemwali anga atangoyamba kumene ankafuna tizisanja motsatira zilembo za mayina a alembi, monga amachitira ku laibulale. Ndinamuuza kuti ayambe wamvetsera kwa sabata imodzi zomwe anthu amanena akafika. Palibe amatchula dzina la mlembi wa ku London kapena New York, mayinawo sitiwadziwa. Amati, "Mayi, tulo sindikupeza masiku ano." Wina amati, "Ndili ndi ulendo wa ku Mzuzu, mundipatse loti ndisaone kutalika kwa msewu." Winanso amangoti, "Ndatopa, mayi." N'chifukwa chake ndimasanja potengera mtima wa wowerenga. Kumanzere ndimaika zoseketsa ndi zopepuka, pakati zothamangitsa magazi za apolisi ndi akazitape, kenako zachikondi, kumapeto zofuna mutu wozizira monga mbiri za anthu ndi za mayiko. Onse sindingawamalize. Buku lililonse ndimawerenga tsamba loyamba, limodzi la pakati ndi awiri omaliza. Omalizawo ndiwo sindiwadumpha, chifukwa sindifuna kupatsa munthu wosweka kale mtima nkhani yothera kumanda osamuchenjeza.

Lachitatu chakumasana kunabwera mayi ena atanyamula jumbo, mkati muli fulasiki ndi kontena ya chakudya. Maso awo anali ofiira, osati ndi fumbi. Anaima nthawi yaitali akutembenuza buku ili, kulisiya, kutenga lina, osawerenga n'komwe. Munthu wotere sumufulumizitsa. Nditawapatsa moni anandiuza kuti akudwazika amuna awo kuchipatala, sabata yachiwiri tsopano, ndipo usiku umatalika zedi ukakhala pa mkeka m'mbali mwa bedi la wodwala.

"Muli ndi la Chichewa?" anafunsa.

Funso limeneli limandibaya tsiku ndi tsiku. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, timachiyankhula kuyambira m'mawa mpaka kugona, koma m'makatoni ochokera kunja simupezeka ngakhale tsamba limodzi. A Chichewa omwe ndimakhala nawo ndimachita kukawapempha kwa aphunzitsi opuma ntchito kapena kwa mabanja akamasamuka, ndipo satha masiku awiri pa benchi. Omwe sasowa ndi a pa silabasi, a nyimbo za kutchalitchi ndi Baibulo. Ngakhale pa Baibulo pomwepo mtima umasankha. Achikulire akakhala pa chisoni amafuna Buku Lopatulika, lija la 1922, poti mawu ake ndi omwe anawamva ali ana pa maliro a makolo awo. Achinyamata amafunsa Buku Loyera la 1998 chifukwa Chichewa chake n'chapafupi. Koma nkhani yongosangalatsa ya Chichewa, yoti mayi wotopa awerenge pakati pa usiku, tsiku limenelo ndinalibe.

Ndinawafunsa kuti sukulu analekezera pati. Anati Fomu 2, ndipo Chingerezi chosavuta amachimva. Ndiye ndinawafunsa lomwe ndimafunsa aliyense wobwera mtima uli wolemedwa: "Mayi, mukufuna buku loti likuiwalitseni, kapena loti lilire nanu?"

Anamwetulira pang'ono. "Kulira ndalira mokwanira. Ndipatseni loiwalitsa."

Ndinawasankhira nkhani ya wapolisi wofufuza za mkanda wa golide womwe unasowa m'nyumba ya anthu olemera. Mitu yake inali ifupiifupi, masamba anayi kapena asanu mutu watha, kuti wodwala akaitana asiye kaye osataya nkhani. Linali la zilembo zikuluzikulu, mwa aja amasindikizira anthu ovutika maso, chidindo cha laibulale ina ya ku Britain chikuonekabe mkati. Otere ndimawasunga padera chifukwa amawerengeka ngakhale ndi kuwala kwa foni. Ndisanawapatse ndinasuzumiranso kumapeto kutsimikiza kuti mulibe za matenda kapena imfa. Analipira K500, ndipo ndinawauza lamulo la pa benchi pano: mukamaliza mubwere nalo, muwonjezere K200, mutenge lina.

Lachinayi kunali kwa alimi. Nyengo ino fodya akugulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma, ndipo ndalama zikangolowa kubanki tauni ya Kasungu imasintha nkhope, malata pa ngolo, njinga zatsopano, matilesi pamwamba pa minibasi. Kwa ife a mabuku zimafika zotsalira, koma zimafika. Bambo ena a cha ku Chamama anabwera ndi kapepala kolembedwa ndi mwana wawo wamkazi wa Fomu 3, kofuna dikishonale ndi Biology. Tinanenererana kwa nthawi ndithu. Ine ndinati K15,000 onse awiri, iwo anati K9,000, n'kunyamuka mpaka pa msewu, n'kubwereranso. Tinakumana pa K12,500. Ndalamazo anaziwerenga kawiri, akunyowetsa chala.

Atalongedza sanachoke. Ananjuta pa mulu wa K500 n'kumangovundukula. Nditawafunsa za msika anati mabelo awiri anabwezedwa, ena anapita pa mtengo wosafika pomwe ankayembekezera, ndipo akachotsa ngongole ya feteleza, ya thiransipoti ndi malipiro a anyamata aganyu, chotsala n'chochepa.

"Chaka chonse, mayi, kuyambira ku nazale mwezi wa Seputembala," anatero, "koma komwe fodyayo amakathera sindikudziwa n'komwe."

Ndinakumbukira buku la mapu lomwe ndinaliponya pa muluwo Lachiwiri. Linali lakale moti mwana wa sukulu likanamusocheretsa. Munali Zaire, dzina lomwe linasinthidwa mu 1997, ndi Soviet Union yomwe inatha mu 1991. Ndinawauza zimenezi poyera kuti asakalipereke kwa mwana. Koma nyanja ndi madoko zili pomwe zinali. Tinalitambasula pa saka, pa tsamba la dziko lonse lapansi. Ndinaika chala pa Malawi, ndinawauza za ku Kanengo ku Lilongwe komwe fodya amakakonzedwa m'mafakitale, n'kutsetsereka mpaka pa doko la Beira ku Mozambique, kenako panyanja ulendo wautali mpaka ku Belgium, komwe fodya wambiri wa kuno amakatsikira. Bambowo ankatsatira ndi chala chawo chong'aluka ndi ntchito ya m'chigafa. Anayerekeza kukula kwa Belgium ndi kwa Malawi, n'kuyerekezanso kachiwiri.

"Kadziko kakang'ono chonchi?"

Anakhala chete nthawi yaitali, maso ali pa tsambalo. Ndinati alitenge ngati basela, poti agula kale zambiri. Anakana, natulutsa K500 m'thumba la malaya. "Awo ndi a mwana. Ili ndi langa, ndiligule ndekha."

Madzulo ake kunadutsa atsikana atatu a Fomu 4, mayeso a MSCE ali pakhomo. Za sukulu sanazikhudze, anasonkherana K500 n'kugula kabuku ka nthabwala ka zithunzi. Aphunzitsi ena omwe anali pambali anapukusa mutu, nati ino si nthawi yowerenga zimenezo. Ine sindinagwirizane nawo. Mutu womwe wakhala ukuloweza manotsi kuyambira 3 koloko m'bandakucha umafuna kupuma, ndipo kuli bwino upumire m'buku.

Lachisanu kunawomba mwera tsiku lonse, fumbi lili koboo, phiri la Kasungu likuoneka mwa chizimezime. Tinangokhalira kupukuta ndi kutsendereza masamba ndi miyala. Ndinagulitsa mabuku atatu okha. Komabe anabwera mnyamata uja wa kabaza, yemwe makasitomala akachepa amakhala pa chidebe kuseri kwa benchi n'kumawerenga buku la zamagetsi lomwe sangakwanitse kugula. Amaika kaudzu pomwe walekezera, ndipo ine bukulo ndinalichotsa pa shelefu kuti lisagulidwe iye asanamalize. Anzanga a mabenchi oyandikana amati ndikudziphera malonda. Koma ife a ku Kasungu tikudziwa za William Kamkwamba wa cha ku Wimbe, yemwe atasiya sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 ankabwereka mabuku ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale. Anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo, napanga ake ndi zitsulo zotola komanso njinga yakale, mpaka magetsi anayaka m'nyumba ya kwawo. Sindikunena kuti wa kabazayu adzafika pamenepo. Chomwe ndikuona n'chakuti amajambula kayendedwe ka mawaya m'kope lake, ndipo sabata yatha anandikonzera tochi.

Loweruka kunali piringupiringu kuyambira m'mawa. Pakati pa anthuwo panafika aphunzitsi ena opuma ntchito omwe anataya akazi awo chaka chatha. Anabweza buku la nthabwala lomwe ndinawasankhira mwezi wapitawu. "Mayi, munandipatsa loseketsa," anatero motsitsa mawu, "koma kuseka wekha m'nyumba kumawawa." Ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima. Tsiku lija ndinawaganizira ndekha chowayenera, funso langa lija osawafunsa. Ulendo uno ndinawafunsa, ndipo anasankha mbiri ya moyo wa munthu wina, masamba oposa 600, yoti iwaperekeze mpaka nyengo yozizira ithe.

Cha m'ma 4 koloko, tikuyamba kulongedza, ndinaona mayi a fulasiki aja akubwera mofulumira, buku lili m'manja. Amuna awo ayamba kukhala tsonga, phala akumwa okha. Bukulo analimaliza usiku utatu. Koma chomwe chinawabweretsa mothamanga n'chakuti m'mawa uliwonse, akuphika ku khitchini ya odwazika matenda, ankafotokozera anzawo m'Chichewa zomwe awerenga usiku. Amayiwo ankatsutsana kuti wakuba mkanda ndani, ndipo agogo ena anaumirira mpaka tsiku lomaliza kuti ndi wantchito wa m'nyumba, pomwe anali mwana wa mwini nyumbayo. K200 yosinthira anachita kusonkherana.

"Andituma anzanga," anatero. "Akuti ndisabwerere chimanjamanja."

"Lero mukufuna lotani, mayi?"

"Lachikondi. Koma lothera pa ukwati. Abambo akunyumba nawonso akuti azimva nawo."

La zilembo zikuluzikulu linatsala limodzi lokha. Ndinatsegula masamba awiri omaliza, ukwati unalipo, ndipo analilowetsa m'jumbo pakati pa fulasiki ndi kontena. Atachoka tinanyamula masaka, tinakutira shelefu ndi pepala la pulasitiki kuopa mame ndi chiswe. M'kope la malonda, pansi pa ndalama za sabatayi, ndinalemba kuti Lolemba ndikwere ya ku Santhe, komwe ndinamva kuti aphunzitsi ena okalamba akusunga thumba lathunthu la mabuku a Chichewa.