Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usiku umene ndinkawerenga za 1798

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lapitali, makamaka amayi amene munati munalira nane pa nkhani ya pa Chileka ija. Mwati ndipitirize, ndiye tiyeni.

Zaka zitatu za ku Maryland ndizidumpha. Tifike ku Charlottesville, ku Virginia, kwa agogo a mabuku aja amene ndinkawasamalira. Maso anali atawathera, choncho ndikawamwetsa mankhwala a usiku ndinkakoka mpando n'kumawawerengera. Paja anali aphunzitsi a mbiri yakale, ndipo nkhani ya pamtima pawo inali imodzi: mphamvu za boma lalikulu zimalekezera pati, za zigawo zimayambira pati.

Usiku umenewo tinali pa 1798. Dziko la America likuopa nkhondo ndi France, pulezidenti John Adams anasayinira malamulo oti wobwera azidikira zaka 14 m'malo mwa 5 kuti akhale nzika, pulezidenti azitha kuthamangitsa mlendo amene akumukayikira, ndipo wolemba zoipitsa boma azimangidwa. Phungu wa ku Vermont, Matthew Lyon, anagamulidwa miyezi inayi m'ndende ndi chindapusa cha madola 1,000, koma anthu akwawo anamusankhanso ali m'ndende momwemo. Thomas Jefferson ndi James Madison analemba mobisa mfundo zimene nyumba za malamulo za Kentucky ndi Virginia zinavomereza, zoti boma lalikulu lalumpha malire, pakuti mphamvu zimene silinapatsidwe zimatsalira zigawo ndi anthu.

Foni inalira buku lili pamiyendo. Anali achimwene. "Achemwali, limbani mtima. Amayi atisiya."

Sindinakuwe. Ndinaika kapepala pa tsamba lija, ndinawafunditsa agogo bulangete, n'kupita kukhitchini kukakhala pansi, msana kutsamira firiji. Mapepala anga anali akadali ku boma, ndipo ndikanatuluka m'dzikomo sindikanabwereranso. Pa tsiku loika maliro achimwene anakweza foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo za amayi a mvano, ine ndili pansi pomwepo, ndavala chitenje chimene malemuwo anandipatsa ponyamuka. Inu amene munanena pasiwa kuti ndinakonda madola kuposa amene anandibereka, mukudzidziwa. Ya bokosi inachokera kuti? Nanga fizi ya ana a malemu mng'ono wanga? Mtima wanga unatsalira kumanda ku Ntcheu, ndipo chosankha china ndinalibe.

Masiku otsatira ndinamukonda Jefferson ngati m'bale, poona kuti alipo amene anatsutsa lamulo lozunza obwera. Agogo atamva anangoti, "Mwanangu, Loweruka ukwere phiri ukaone kwawo." Ndinapitadi ku Monticello, kumene kuli nyumba ndi munda wa Jefferson. Ndinayenda pa Mulberry Row, pamene akapolo ankakhala ndi kugwira ntchito, n'kumva kuti pa moyo wake bamboyu anasunga akapolo oposa 600. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndekha wakuda pagulu lathulo.

Madzulo ake agogo anandifotokozera kuti mu 1832 South Carolina, motsogozedwa ndi John Calhoun, inatenga mfundo za Jefferson ndi Madison zija pokana msonkho wa katundu wochokera kunja, ndipo Madison, ali wokalamba, anakana kuti si zimene ankatanthauza. Pambuyo pake eni akapolo anabisalanso mu ufulu wa zigawo womwewo.

"Ndiye analondola ndani, agogo?"

"Tsegula paja unaika kapepala," anatero.

Ndinatsegula, koma misozi inaphimba zilembo, ndipo iwo anandigwira dzanja mpaka tulo tinawatenga.