Mawu a Chingerezi onena za kutembenuka ndi kusinthanitsa mwadzidzidzi

Aliyense wowerenga nyuzipepala za Chingerezi za m'dziko muno waonapo mawu akuti U-turn pamutu wa nkhani, makamaka boma likalengeza chinthu Lolemba n'kuchibweza Lachisanu. Mawuwa ali ndi abale ake ambiri, ndipo ngakhale amaoneka ofanana, ena amangofotokoza zimene zachitika pomwe ena amamuweruziratu munthu wotembenukayo, kotero wolemba akasankha mosasamala amatha kunyoza munthu amene sanafune kumunyoza.

U-turn anachokera pamsewu, pamene woyendetsa galimoto akhota n'kubwerera komwe amachokera. M'ndale za ku Britain mawuwa anatchuka kwambiri mu 1972, boma la Edward Heath litasiya mfundo za chuma zimene linalonjeza polowa m'boma. Mu 1980, pamsonkhano wa chipani chake ku Brighton, Margaret Thatcher, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain, anauza amene ankadikira kuti naye abwerere m'mbuyo kuti atembenuke okha ngati akufuna, koma iye satembenuka. Chiyambireni nthawiyo mawuwa amamveka ngati mlandu wa kufooka, ngakhale pamene mtsogoleri wasintha maganizo chifukwa chomvera madandaulo a anthu, chimene kwa ine ndi chinthu choyenera kuyamikiridwa.

Ife a ku Zomba sitifunika kufotokozeredwa zambiri za about-turn. Amene anaonererapo asilikali a ku Cobbe Barracks ali pa perete akudziwa kuti wolamula akangofuula, mzere wonse umazungulira nthawi imodzi, nsapato n'kugunda pansi ngati phazi la munthu mmodzi, ndipo amene anali kutsogolo amapezeka ali kumbuyo. Anthu a ku America amati about-face, pomwe olemba ndemanga zozama amakonda volte-face, mawu amene analowa m'Chingerezi kuchokera m'Chifalansa koma gwero lake ndi Chitaliyana. Atatuwa ndi ofatsa: amanena kuti munthu wasinthiratu mbali yomwe amayang'ana, osawonjezera zambiri. Oipitsitsa pagululi ndi flip-flop, amene amanena za munthu wosintha lero, n'kubwerera mawa, n'kusinthanso mkucha. Otsatira George W. Bush anamata dzinali pa John Kerry, amene ankapikisana naye pachisankho cha pulezidenti wa America cha 2004, ndipo linamukakamira. Ndi mawu omwewo amene Angerezi amatchulira patapata, potsanzira kulira kwake pachidendene.

Koma amene tawamva kwambiri kuno kwathu ndi crossing the floor. Anachokera ku Nyumba ya Malamulo ya ku London, komwe mbali ya boma ndi yotsutsa zimakhala moyang'anizana, pakati pali mpata, motero phungu wosintha chipani amawolokadi ndi miyendo yake anthu onse akuona. Winston Churchill anachita zimenezi mu 1904 pochoka ku Conservative kupita ku Liberal, ndipo patatha zaka pafupifupi 20 anabwereranso komwe anachoka. Kwathu kuno nkhaniyi ili m'Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limapatsa Sipikala mphamvu yolengeza kuti mpando wa phungu wotere ulibe mwini. Gawoli linavuta kwambiri Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, aphungu ambiri n'kumutsatira. Mu 2007 Khothi Lalikulu la Apilo linagamula kuti gawoli ndi lovomerezeka, komabe mu 2012, Bingu atamwalira, khamu lina la aphungu linathamangira ku chipani cha PP cha mayi Joyce Banda. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu akuti crossing the floor mwa iwo okha sanyoza aliyense, ndipo n'chifukwa chake amakwanira m'buku la malamulo. Wofuna kunyoza amati turncoat, kutanthauza munthu wotembenuza chovala kuti mtundu wa mbali yake yakale ubisike, yemwe ife tingamutche nthirakuwiri kapena bilimankhwe.

Gulu lina silinena za munthu wotembenuka koma za chinthu chimene chasinthidwa mwini wake asakudziwa. Switcheroo ndi mawu ocheza a ku America, ndipo nthawi zambiri amanenedwa moseka. Taganizirani mnyamata amene akukuonetsani foni yabwino m'mbali mwa msewu, mwagwirizana mtengo, iye waibwezera m'kabokosi mukuona, koma pofika kunyumba mukupezamo sopo wodulidwa bwino mofanana ndi foniyo. Chimene chachitika pakati pa dzanja lake ndi thumba lanu ndiye switcheroo, ngakhale wobedwayo sangaseke nawo. Bait and switch ndi chinyengo cha mtundu wina, chomwe dzina lake linachokera ku nyambo ya nsomba: wogulitsa amalengeza katundu wotsika mtengo kuti anthu abwere, akafika n'kuwauza kuti watha kumene koma ulipo wina wokwera mtengo. Apa palibe chimene chabedwa m'thumba, ndipo ndi wogulayo amene amatulutsa yekha ndalama chifukwa chosafuna kubwerera chimanjamanja.

Palinso turn the tables, mawu ochokera ku masewera akale a pathabwa, onena za wogonja amene wapezeka ali pamwamba, monga timu imene inali kumbuyo ndi zigoli ziwiri n'kupambana m'mphindi zomaliza. Ophunzira zolembalemba ku Yunivesite ya Malawi (yomwe kale inali Chancellor College) amakumana ndi peripeteia, dzina lachigiriki limene Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, anapatsa nthawi imene zinthu zimatembenukira mpangankhani m'sewero, ndipo okonda mafilimu amangoti plot twist. Wophunzira wolemba chimangirizo cha mayeso a MSCE angachite bwino kusankha reversal (kusinthiratu kwa zinthu) kapena about-turn, n'kusunga switcheroo ndi flip-flop kuti akagwiritse ntchito pocheza ndi anzake.