Mwana wa mlongo wanga atachita ngozi ali pa yunivesite ku Harare

Pa fomu yomwe wophunzira wochokera kunja amalemba polowa yunivesite pamakhala mzere wolembapo munthu woti aimbiridwe foni pakagwa zadzidzidzi. Ana athu ambiri amalembapo mayi awo a ku Dedza kapena ku Ndirande. Mwana wa mlongo wanga analembapo ine, malume ake, popeza ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Nchifukwa chake foni yanga inalira usiku womwe mushikashika (galimoto yonyamula anthu mozemba malamulo) yomwe anakwera inaombana ndi galimoto ina, iye n'kuthyoka mwendo ndiponso kuvulala m'mutu.

Anandiimbira anali woyang'anira hositelo. Anzake a mnyamatayo anauza iyeyo, iye n'kuuza a Dean of Students. Ofesi imeneyi muidziwe, chifukwa nkhani za ngozi, matenda ndi maliro a ophunzira zimadzera kumeneko, osati kwa aphunzitsi a m'kalasi. Ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja imalowererapo kukacha, ndipo ntchito yake yaikulu ndi makalata. Usiku amene amakhala maso ndi alonda, woyang'anira hositelo ndi namwino wa pakachipatala ka pasukulupo.

Kuno nambala ya ambulansi ndi 994, ya polisi ndi 995, ndipo 999 ndi ya zadzidzidzi zonse. Palinso ambulansi za makampani monga MARS. Mwana wathu anatengedwa ndi anthu achifundo odutsa m'njira, omwe anakamusiya pa chipatala cholipira chapafupi. Funso loyamba pakauntala linali la khadi la medical aid, apo ayi tipereke kaye ndalama ya chikole m'madola a ku America. Khadi anali nalo, pakuti ndalama yake imalowa m'fizi, koma titafufuza tinapeza kuti limagwira ntchito kwambiri m'zipatala za boma. Atangomupatsa chithandizo choyamba tinapempha kalata yomusamutsira ku chipatala chachikulu. Zazikulu za boma mumzinda uno ndi Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, chomwe akuluakulu amachitchulabe kuti Gomo.

M'mawa mwake a Dean anabwera okha kuwodi, ndipo ndinawayamikira. Anandifunsa kuti amene auze mayi ake ndani, iwo kapena ine. Ndinati ndiwauza ndine. Uthenga wotere ukachokera kwa mlendo, m'Chingerezi, mayi amangomva kuti mwana wafa ndipo akumubisira. Ngakhale ine ndemwe nditaimba, mlongo wanga anandidula mawu: "Achimwene, musandizungulitse, ali moyo?" Ndinaika foni pakhutu pa mnyamatayo. Anangoti, "Amayi, ndine, musalire," ndipo mpamene tinayamba kumvana. Ananyamuka pa basi kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano ndi Nyamapanda, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, n'kudzatsikira pa Roadport. Ofesi ya ophunzira akunja inamutumizira pa WhatsApp kalata yofotokoza chomwe akudzera, yoti aonetse pachipata akafunsidwa.

Ndalama ndiye zinatsalira ife. Yunivesite siilipira bilu ya chipatala, ndipo zitsulo zoika m'mwendo inshuwalansi sinazilipire zonse. Kutumiza ndalama kuchokera ku Malawi ndi mtunda wina, poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama zakunja m'mabanki n'zosowa. Achibale a ku Johannesburg ndiwo anatumiza madola pa Mukuru. Amayi a mumpingo wathu wa CCAP, wa Sinodi ya Harare, anasonkha pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni kuno, ndipo ankasinthana kubweretsa phala ndi nsima. Ambiri mwa iwo sanapondeko ku Malawi, ndi zidzukulu za anthu omwe anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, koma atamva kuti mwana wa kumudzi wagonekedwa sanafunse zambiri.

Kupolisi musachedweko. Lipoti la ngozi ndi nambala ya mlandu zimafunika ku inshuwalansi komanso kuyunivesite. Kumeneko ndi komwe ndinamva kuti popeza mushikashika ilibe chilolezo chonyamula anthu, inshuwalansi ya okwera nayonso panalibe. Ku ofesi ya kazembe wa Malawi yunivesite inalembako kalata, ine n'kupita nayo pamanja. Anatilemba m'kaundula n'kutifotokozera kuti thandizo lawo ndi la zikalata: chiphaso choyendera mwadzidzidzi ngati pasipoti yatayika, kapena mapepala onyamulira thupi zikavuta. Tithokoze Mulungu kuti zachiwirizo sitinazifune.

Chomwe chinanditopetsa kwambiri ndi nkhani ya mayeso, yomwe munthu sungaiganizire mwana ali pabedi. Mayeso anali pafupi. Wophunzira akangojomba popanda chikalata amalembedwa kuti sanabwere, ndipo kukonza zimenezo pambuyo pake n'kovuta kusiyana ndi kupempha pasadakhale. Panafunika kalata ya dokotala yokhala ndi chidindo, yonena tsiku lomwe anagonekedwa ndi nthawi yomwe ayenera kupuma. Ndinaiphatikiza ndi lipoti la polisi komanso kalata ya a Dean, n'kupita nazo kwa mkulu wa dipatimenti yake, kenako kwa mkulu wa fakote, n'kumalizira ku ofesi ya mayeso. Apa ndiye ndinaona pomwe yunivesite imafooka. Aliyense anandilandira bwino, koma palibe ofesi yomwe inkadziwa zomwe inzake yachita, moti nkhani yomweyomweyo ndinkaiyambanso pakhomo lililonse ngati munthu wolengeza maliro m'mudzi. Chinandipulumutsa ndi faelo imodzi ya pulasitiki. Pepala lililonse ndinkalijambulitsa kaye, ndipo yemwe walandira ndinkamupempha adinde pa kope langa.

Anatipatsa njira ziwiri: kulemba mayeso apadera akachira, kapena kuimitsa kaye semesita yonse. Mwana wa kuno angasankhe iliyonse. Kwa mlendo pali msampha, chifukwa chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chimadalira kuti ndi wophunzira wolembetsedwa, ndipo chili ndi tsiku lothera. Mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro, womwe unasainidwa ku Blantyre mu 1997, umati ophunzira a m'chigawo chino aziwerengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi ndi malo ogona, koma za chilolezo zimaonedwabe ndi a Immigration. Tinasankha mayeso apadera kuti dzina lake lisachoke m'kaundula, ndipo ofesi ya ophunzira akunja inalemba kalata yotsimikizira zimenezo yomwe tinakaipereka pokonzanso chilolezocho.

Atatuluka m'chipatala anakhala kwathu, kenako anabwerera kusukulu akuyendera ndodo. Chipinda chake chinali pamwamba. Kumusamutsira pansi kunatheka titalankhula ndi ofesi yothandiza ophunzira olumala, yomwe ambiri sadziwa kuti imathandizanso wovulala kwa kanthawi. Mlangizi wa pasukulupo anamuitana kangapo iye akukana, amvekere, "Amalume, ine si wamisala." Koma galimoto ikangoima mwadzidzidzi thukuta linkamutuluka, ndipo tulo sankatiwona. Anavomera atamva kuti mnzake amene anali naye m'galimotomo akupitako kale. Ndikanakonda akanakhala ndi mlangizi womva Chichewa, chifukwa zina zamumtima ankazinena kwa mayi ake okha.

Mayeso analemba, chilolezo chinatuluka. Zitsulo zija zidzayenera kuchotsedwa, mwina iye atabwerera kale kumudzi, choncho tisanatseke faelo ndinabwereranso kuchipatala kukapempha zithunzi za X-ray ndi lipoti la dokotala amene anamuchita opaleshoni, kuti madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre adzadziwe zomwe zinaikidwa m'mwendomo.