Sabata yathera pa magazi a odwala chifuwa

Sabata ino ndinali pa ntchito yofufuza ngati tizidutswa ta RNA (chinthu cha m'maselo chofanana ndi DNA) totchedwa microRNA tingasonyeze kuti wodwala chifuwa wagwidwa ndi vayirasi. Nditating'ono zedi, ma nucleotide (tizigawo tomanga RNA) pafupifupi 22, ndipo m'selo timaletsa majini ena kupanga mapuloteni. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun anatulukira zimenezi mu 1993 pofufuza kanyongolotsi ka C. elegans, ndipo mu 2024 analandira mphoto ya Nobel. Ife a mu labotale timatikonda chifukwa m'magazi sitiwonongeka msanga: timabisala m'timatumba totuluka m'maselo kapena kukakamira ku puloteni ya Argonaute 2.

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera potulutsa plasma (madzi a m'magazi) mufiriji ya -80°C ndi kuchotsamo RNA. M'chubu chilichonse timathiramo cel-miR-39, microRNA ya kanyongolotsi komwe kaja, kuti tidziwe kuchuluka kwa zomwe zatayika m'njira. Machubu ena anali ofiirira, mtima wanga unawawa. Maselo ofiira akasweka potenga magazi amakhuthula ma microRNA awo, miR-451a ndi miR-16, ambirimbiri, ndiye zomwe makina a PCR (oyeza kuchuluka kwa tizidutswati) akuwerenga si za matendawo ayi. Ena anabwera m'machubu a heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene amatsekereza PCR. Onsewo tinawayika pambali, chonsecho ndi magazi amene odwala anapereka akupuma movutikira.

Lachitatu ndinakakhala pansi ndi anamwino otenga magaziwo. Tinagwirizana kuti agwiritse ntchito machubu a EDTA okha (mankhwala ena oletsa magazi kuundana), asamakoke jakisoni mwamphamvu, asamakhutchumule machubuwo, ndipo magazi azifika kwathu msanga.

Zotsatira zinatuluka Lachinayi. Poyerekeza ndi anthu abwinobwino, miR-155 ndi miR-146a zinali zokwera mwa odwala vayirasi, moti mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anadumpha ndi chimwemwe. Ndinamuuza kuti ayerekezenso ndi zotsatira za odwala chibayo cha mabakiteriya. Kusiyana kuja kunachepa kwambiri. Ma microRNA awiriwa amakwera thupi likamalimbana ndi kutupa, kaya kwayamba ndi chiyani. Dokotala safunika makina kuti adziwe kuti wokhosomola uyu akudwala. Funso lake ndi lakuti apereke ma antibiotic kapena ayi, ndipo kafukufuku woyerekeza odwala ndi anthu athanzi okhaokha samuyankha.

Lachisanu ndinalemba kalata yopempha chilolezo choti titenge magazi ambiri a odwala chibayo cha mabakiteriya ndi a mphumu. Mpaka magaziwo atabwera, zotsatira za Lachinayi zikhala m'kompyuta.