Nsonga yopotoka ya tchalitchi cha ku Chesterfield

Mukakwera sitima ku London St Pancras yopita ku Sheffield, khalani mpando wa kumanzere. Pakatha maola pafupifupi awiri, sitima ikamalowa mu Chesterfield, nsonga ya tchalitchi cha St Mary and All Saints imaoneka pamwamba pa madenga, yopotoka, yopendekeka, moti mlendo amaganiza kuti igwa iye asanatsike. Yakhala choncho zaka mazanamazana. Tikiti yogula tsiku lomwelo imadula mopweteka, gulanitu pasadakhale. Kuchoka pasiteshoni kukafika patchalitchipo ndi kamtunda ka mphindi zosakwana 10, koma ndi kokwera.

Nsongayi inamangidwa cha m'ma 1360 pamwamba pa nsanja ya miyala. Kutalika kwake kuchokera pansi ndi mamita pafupifupi 69. Inapotoka madigiri 45, ndipo kumutu kwake kunachoka pakati ndi mamita pafupifupi atatu. Mkati mwake ndi mitengo yokhayokha, kunja anakuta ndi mtovu wolemera matani oposa 30.

Nkhani ili pa mitengoyo. Amisiri a nthawi imeneyo ankakonda kusema mitengo ikadali yaiwisi chifukwa sinkavuta, podziwa kuti ikamauma idzasuntha, ndiye ankaipingasa ndi mitanda yoti iigwire. Pa nsonga iyi mitanda yopingasayo inachepa. Aliyense amene anakhomapo denga ndi mapaso osauma akudziwa mmene malata amakhalira pakatha chilimwe chimodzi. Onjezani mtovu: dzuwa limawomba mbali ya kummwera tsiku lonse, mtovu wa kumeneko n'kufutukuka kuposa wa kumpoto, usiku n'kubwerera. Kukoka kwa mbali imodzi kumeneku, chaka ndi chaka, pa mitengo yosagwirana bwino, akuti n'kumene kunaipotola. Ambiri amanenanso za mliri wa 1349, kuti unapha amisiri odziwa ntchito, yotsalayo n'kugwera ophunzira.

Ikani maso pa mtovuwo muli pabwalo la tchalitchi. Nsongayi ili ndi mbali 8, koma zidutswa za mtovu anaziyala mopendeka, zokumana pakati, ndiye mbalizo zimaoneka ngati 16 ndipo kupotokako kumaoneka kwakukulu kuposa mmene kulili. Yendani mozungulira tchalitchi chonse. Mbali ina nsongayi imaoneka yowerama kwambiri kuposa mbali ina.

Anthu a ku Chesterfield ali ndi nthano zawo. Ena amati satana anakhalapo atakulunga mchira wake, ena amati nsongayi inatembenuka kudabwa itaona namwali weniweni akukwatiwa m'tchalitchimo. Timu ya mpira ya tauniyi imatchedwa Spireites chifukwa cha nsonga yomweyi, imene pa Chingerezi ndi spire.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amangojambula panja n'kumapita. Ichi ndi tchalitchi cha parishi chachikulu kuposa zonse m'chigawo cha Derbyshire, chomangidwa mwa mtanda, nsanja ili pakati. Kum'mawa kuli manda a banja la Foljambe, osemedwa pa mwala wa alabasitala, ndipo mu 1961 moto unabuka mbali ya kumpoto n'kutsala pang'ono kufika ku nsongayo. Masiku ena amakweza alendo munsanja kuti aone mitengo yopotokayo ndi maso, koma si tsiku lililonse, ndiye funsani musananyamuke. Masitepe ake ndi ozungulira, opanikiza, odyeka ndi mapazi. Chikwama chachikulu siyani pansi, ndipo wa mawondo ovuta asayese n'komwe.